Kodi olemba mabuku amadya chiyani?

Mwana akamakula m'mudzi kuno kumalire, makolo amayang'anitsitsa chimene manja ake akukonda. Akakonda khasu amati zikomo, pakhomo pano sipadzasowa chimanga. Akakonda kukonza njinga amati ameneyu sadzagona ndi njala, pakuti njinga zonyamula mbatata ya kachewere kupita ku msika wa ku Ulónguè sizileka kuthyoka masipoko. Koma akapezeka mwana wokonda kukhala pakhonde ndi kope pamwendo, kulemba nthano zimene adamva kwa agogo ake, makolo amayamba kudandaula. Funso lawo limakhala limodzi: "Kodi iwe, zolembalembazi udzadya?"

Funso limeneli si lachipongwe ayi. Ndi funso la kholo lodziwa njala, ndipo liyenera kuyankhidwa moona. Njira yabwino yoliyankhira ndiyo kuona mbiri ya anthu amene adalembadi mabuku n'kutchuka nawo: adachokera kuti, ankadya chiyani pamene ankalemba, nanga adawagwira dzanja ndani kuti zolemba zawo zituluke m'kope n'kukhala buku.

Anthu ambiri a ku Angónia ndi ku Tsangano adakhalako ku Malawi nthawi ya nkhondo, kufikira pamene mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ana ena adalowa sukulu za ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo kumeneko adaona mabuku olembedwa m'chiyankhulo chomwe amayankhula pakhomo. Amene adapita patali ndi sukulu adamvapo za buku lotchedwa Nthondo. Mlembi wake adali malemu a Samuel Josia Ntara, amene adabadwa m'chaka cha 1905.

A Ntara sadali munthu wachuma. Adali mphunzitsi pa mishoni ya Nkhoma, ndipo chimene chinkadyetsa banja lawo chidali choko. Nthawi imeneyo bungwe lina la ku London lofufuza ziyankhulo ndi miyambo ya mu Africa lidakonza mpikisano woti anthu akuda alembe m'ziyankhulo zawo. A Ntara adalemba moyo wa munthu mmodzi wa m'mudzi wa Achewa, kuyambira tsiku lobadwa mpaka tsiku la maliro ake. Nkhaniyo idapambana mphotho ndipo idatuluka ngati buku m'chaka cha 1933. Chaka chotsatira, a Cullen Young, mmishonale wa ku Scotland, adaimasulira m'Chingerezi n'kuitcha Man of Africa, kotero kuti anthu a kutsidya kwa nyanja adawerenga za mudzi wa Achewa monga momwe Mchewa mwiniwake adauonera.

Kutchuka kumeneku sikudawachotse a Ntara m'kalasi. Adapitiriza kuphunzitsa, uku akufunsa akuluakulu za makedzana, ndipo m'mafunso amenewo mudatuluka buku la Mbiri ya Achewa. Adalembanso Msyamboza, mbiri ya nyakwawa ina imene idakhalakodi. Adamwalira m'chaka cha 1976.

Apa pali zinthu zoti kholo liziganizire. Nkhani a Ntara adazitola m'mudzi, kwa anthu osadziwa n'komwe kulemba. Chakudya adachipeza pa ntchito ya uphunzitsi. Koma buku silikadatuluka pakadapanda ena: aphunzitsi amene adawaphunzitsa kulemba chiyankhulo chawo, anthu amene adakonza mpikisano, ndi mishoni imene idali ndi makina osindikizira mabuku pafupi. Mutu umodzi susenza denga. Alembi ena otchuka a Chichewa amene adabwera pambuyo pake nawonso adayambira m'kalasi. A John Gwengwe, amene adalemba Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe, adali mphunzitsi asadalowe ndale. A E.J. Chadza, mlembi wa Kokha Mcheperawakalulu, nawonso adali mphunzitsi.

Amenewo ndi a kutsidya kwa malire. Nanga a m'dziko la Mozambique? Kuti munthu awapeze ayenera kutsika kummwera, ku Maputo, mzinda umene nthawi ya atsamunda unkatchedwa Lourenço Marques. Kumeneko njira ya alembi ambiri sidadzere m'kalasi koma m'nyuzipepala.

M'chaka cha 1918 anthu awiri apachibale, a João ndi a José Albasini, adayambitsa nyuzipepala yotchedwa O Brado Africano. Inkatuluka m'Chipwitikizi, koma idalinso ndi masamba a Chironga, chiyankhulo cha anthu a m'dera limenelo. Inkadzudzula chibalo ndi nkhanza zina za atsamunda. A João Albasini adamwalira m'chaka cha 1922, koma nyuzipepalayo idapitirira, ndipo achinyamata ambiri adaona dzina lawo litasindikizidwa koyamba m'masamba ake.

Mmodzi wa iwo adali a José Craveirinha, amene adabadwa m'chaka chomwecho cha 1922. Bambo awo adali Mpwitikizi, mayi awo Mronga, ndipo moyo wawo wambiri adakhala ku Mafalala, dera la nyumba za malata ndi matabwa kumene kunkakhala anthu osauka a mumzindamo. Sadafike ku yunivesite. Adadziphunzitsa okha powerenga mabuku, ndipo ankakondanso masewero othamanga ndi mpira. Ntchito yawo idali ya utolankhani, ku O Brado Africano, ku Notícias ndi ku nyuzipepala zina. Ndakatulo ankalemba pambali. Buku lawo la Xigubo lidatuluka m'chaka cha 1964, ndipo chaka chotsatira apolisi achinsinsi a PIDE adawamanga. Adakhala m'ndende kuyambira 1965 mpaka 1969. Ulemu waukulu udawapeza atakalamba: m'chaka cha 1991 adakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphotho ya Camões, imene ndi yaikulu koposa kwa olemba m'Chipwitikizi. Pamenepo n'kuti ali ndi zaka 69. Adamwalira mu 2003.

A Luís Bernardo Honwana adakulira ku Moamba, kumene bambo awo ankagwira ntchito yomasulira mawu pa ofesi ya boma la atsamunda. Mwana wa womasulira amakula akumva ziyankhulo ziwiri zikukumana tsiku ndi tsiku, monga momwe amakulira ana a kumalire. A Honwana adayamba utolankhani ali mnyamata, ndipo ali ndi zaka 22, m'chaka cha 1964, adatulutsa kabuku ka nkhani zifupizifupi kotchedwa Nós Matámos o Cão-Tinhoso. Chaka chomwecho adamangidwa, n'kukhala m'ndende zaka zitatu. Dziko litalandira ufulu mu 1975 adakagwira ntchito mu ofesi ya Pulezidenti Samora Machel, kenaka adayang'anira za chikhalidwe m'boma. Kabuku kamodziko kadamasuliridwa m'ziyankhulo zambiri, koma mwiniwake adadya za ntchito ya boma.

Makolo a ana aakazi amvetsere mbiri ya Mayi Paulina Chiziane. Adabadwira ku Manjacaze m'chigawo cha Gaza m'chaka cha 1955, bambo awo ali telala. Pakhomo ankayankhula Chichopi, atasamukira kumzinda adaphunzira Chironga, ndipo Chipwitikizi adachipeza kusukulu ya mishoni. Adayamba maphunziro a ziyankhulo pa yunivesite ya Eduardo Mondlane koma sadawamalize. Nthawi ya nkhondo ankagwira ntchito ndi bungwe la Cruz Vermelha, lothandiza ovulala ndi othawa kwawo, ndipo m'maulendo amenewo adaona ndi maso mavuto a amayi a m'midzi. Adayamba ndi nkhani zazifupi m'nyuzipepala cha m'ma 1984. M'chaka cha 1990 bungwe la alembi a m'dziko muno, la AEMO, limene lidakhazikitsidwa mu 1982, lidasindikiza buku lawo la Balada de Amor ao Vento. Limeneli ndi limene limadziwika kuti ndi buku loyamba la nkhani yaitali lolembedwa ndi mayi wa ku Mozambique.

Mu 2002 Mayi Chiziane adatulutsa Niketche, buku lokamba za mitala, limene dzina lake ndi la gule wa ku Zambézia ndi Nampula. Iwo akhala akunena kawirikawiri kuti amadziona ngati wokamba nthano chabe, wophunzira kwa agogo pamoto madzulo. Mu 2021 adalandira mphotho ya Camões, mayi woyamba wa mu Africa kuilandira, ndipo idadza ndi ndalama zokwana ma euro 100,000. Zimenezi ndi ndalama zambiri ndithu. Koma kholo liwerenge bwino zaka: kuchokera pa buku loyamba kufika pa mphothoyo padapita zaka 31, ndipo m'zaka zonsezo padafunika kuphika ndi kulera ana.

Ena nawonso ndi chimodzimodzi. A Ungulani Ba Ka Khosa, amene adalemba Ualalapi mu 1987, buku lokamba za mfumu Ngungunhane ya ku Gaza, adali mphunzitsi wa mbiri yakale. A Mia Couto a ku Beira adayamba maphunziro a udokotala n'kuwasiya, adatsogolera magazini ya Tempo ndi nyuzipepala ya Notícias, kenaka adabwerera kusukulu kukaphunzira sayansi ya zomera ndi zinyama. Ntchito imeneyi adaigwira zaka zambiri uku akulemba, ngakhale mabuku awo ankagulidwa m'maiko ambiri. Bambo awo, a Fernando Leite Couto, adali mtolankhani ndi mkonzi wa mabuku, ndipo adathandiza achinyamata ambiri kukonza zolemba zawo. Atamwalira, ana awo adakhazikitsa bungwe la dzina lawo ku Maputo mu 2015 kuti ntchito imeneyi isafe.

Tsono yankho la funso la kholo lija laoneka. Pa anthu onsewa palibe amene adayamba n'kudya buku. Adadya za choko, za utolankhani, za ofesi, za ntchito yothandiza odwala. Mwana amene akuti asiya sukulu kapena munda chifukwa akufuna kukhala mlembi akudzinamiza, ndipo kholo lili ndi chifukwa chomudzudzulira. Koma kholo limene limang'amba kope la mwana n'kukulungira fodya nalonso likulakwa, pakuti kulemba sikudalepheretse a Ntara kuphunzitsa, kapena Mayi Chiziane kugwira ntchito yawo.

Patsala funso lina limene likukhudza anthu a kumalire makamaka. Chiyankhulo cha ku Nkhoma ndi cha ku Angónia n'chimodzi. Nanga bwanji mabuku otchuka a chiyankhulo chimenechi adachokera kutsidya, pamene alembi otchuka a ku Mozambique adalemba m'Chipwitikizi? Kodi nzeru zidathera pa msewu wa Dedza ndi Ntcheu? Iyayi. Chidasiyana ndi malamulo.

Mishoni yomweyo imene idaphunzitsa a Ntara idalinso ndi malo kuno ku Angónia, pa Mphatso, koma boma la Apwitikizi lidatseka ntchitoyo m'chaka cha 1922. Mu 1941 padatuluka lamulo lokhudza sukulu za mishoni, lonena kuti ana aziphunzira m'Chipwitikizi, ndipo ziyankhulo za eni dziko zizigwira ntchito pophunzitsa za chipembedzo basi. Ansembe a Chijezuiti, amene adali ndi mishoni ku Lifidzi, adatola mawu m'kamwa mwa anthu a m'midzi n'kukonza buku lotanthauzira mawu a Chinyanja m'Chipwitikizi, limene lidasindikizidwa ku Lisboa mu 1963. Idali ntchito yaikulu, koma mwana wa sukulu sankaphunzitsidwa kulemba nkhani m'chiyankhulo chake. Ufulu utabwera mu 1975, boma latsopano lidasankha Chipwitikizi kuti chikhale chiyankhulo chogwirizanitsa mitundu yonse, ndipo posakhalitsa nkhondo idagwetsa sukulu zambiri za m'midzi. Kutsidya zinthu zidayenda mwina. Mu 1968 boma la Malawi lidakweza chiyankhulochi kukhala cha dziko lonse n'kuchitcha Chichewa, mu 1972 lidakhazikitsa bungwe lochiyang'anira, ndipo mabuku ake ankawerengedwa m'sukulu ndi kulemberapo mayeso. Pamene pali sukulu zofuna mabuku, osindikiza amapezeka, ndipo pamene pali osindikiza, alembi amatuluka.

Mwana wa ku Dómuè wa m'zaka zimenezo adali ndi agogo odziwa nthano monga a Ntara. Chimene adasowa ndi mphunzitsi womuonetsa kalembedwe, mkonzi womuwongolera, ndi wosindikiza womulandira.

Ntchito za anthu amenewa ambiri sazidziwa. Mkonzi ndi munthu amene amawerenga zolemba za mnzake zisadatuluke. Amaona pamene nkhani yasokonekera, pamene mawu abwerezedwa, pamene dzina la munthu lasintha pakati pa nkhani mlembi osazindikira. Amagwirizanitsanso kalembedwe. Mwachitsanzo, ku Malawi amalemba "ch" m'mawu monga chimanga, pamene mabuku a sukulu a ku Mozambique amalemba "c" yekha, n'chifukwa chake dzina la chiyankhulochi limaoneka kuti Cinyanja. Onse akunena mawu amodzi, koma buku limodzi liyenera kutsata njira imodzi. Wosindikiza ndiye amene amalipira mapepala, makina ndi mayendedwe a mabuku kufika m'masitolo ndi m'sukulu. Popeza amaika ndalama zake, amayamba wafunsa kuti adzagula ndani. Mlembi amalandirako kagawo kochepa pa buku lililonse logulidwa, ndipo n'chifukwa chake buku limodzi silimanga nyumba.

Zinthu zidayamba kusintha kumapeto kwa nkhondo. Mu 1988 akatswiri a ziyankhulo adakumana ku Maputo kukagwirizana za kalembedwe ka ziyankhulo za m'dziko muno, ndipo Chinyanja chidali chimodzi mwa izo. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma lidayesa kuphunzitsa ana m'ziyankhulo ziwiri m'sukulu zochepa: Chinyanja ndi Chipwitikizi m'chigawo cha Tete, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Mu 2003 maphunziro otere adayamba kulowa m'sukulu zina m'zigawo zosiyanasiyana. Ndipo chitsanzo cha munthu wa ku Mozambique wolemba m'chiyankhulo cha makolo ake chilipo. A Bento Sitoe, mphunzitsi wa ziyankhulo pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, adatulutsa buku la nkhani lotchedwa Zabela m'Chichangana mu 1983, ndipo mu 1996 adatulutsa buku lotanthauzira mawu a Chichangana m'Chipwitikizi. Nawonso, taonani, adali mphunzitsi.

Mwana akaphunzira kuwerenga Chinyanja m'kalasi yoyamba, amafuna choti awerenge akaweruka. Akachisowa, luso lija limazilala ngati moto wopanda nkhuni. Mabuku a kutsidya ndi abwino ndipo awerengedwe, koma akukamba za midzi ya kutsidya. Za kuno zili m'mitu ya anthu. Za Angoni a kwa Maseko amene adakhazikika kuphiri la Dómuè, za chibalo ndi msonkho wa nthawi ya atsamunda, za usiku umene mudzi wonse udasenza mphasa ndi mapoto kuthawira ku Malawi, za tsiku lobwerera n'kupeza munda wasanduka tchire. Mwana amene adali ndi zaka khumi mu 1992 lero wapitirira zaka 40, ndipo amene adamubereka kumbuyo paulendowo ambiri adatsikira kale kulichete. Maliro alionse a nkhalamba amapita ndi nkhani zimene palibe adazilemba.

Oyenera kuyamba ntchitoyi sali ku Maputo. Poona mbiri ya alembi onse aja, ndi anthu amene ali kale ndi podyera ndipo amadziwa ziyankhulo ziwiri: aphunzitsi a m'sukulu za m'midzi, anamwino, akatekisi ndi akulu a mipingo, alembi a mafumu, ndi amene adapuma pa ntchito. Woteroyo safunika kudikira makina osindikizira. Agule kope, akhale pansi ndi gogo mmodzi, alembe dzina la gogoyo, mudzi wake ndi tsiku limene akambirana. Zimene mwambo suloleza kuulula, monga za kudambwe, azisiye kwa eni ake. Akamaliza awerenge mokweza pamaso pa anthu, pakuti khutu limagwira zolakwa zimene diso laziphonya. Kenaka apereke kwa mnzake wodziwa kulemba kuti akonze, ndipo asapse mtima akauzidwa kuti apa sipakumveka. Asatumize kope lake lokhalo kwa munthu aliyense. Ayambe wakopera lina, n'kulisunga poti chiswe ndi mvula sizifika. Nkhani yaifupi itha kuyamba yamveka pa wailesi, popeza Rádio Moçambique ku Tete imaulutsa m'Chinyanja. Mayi Chiziane nawonso adayamba ndi nkhani zazifupi, buku lidabwera patatha zaka. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Aphunzitsi ali ndi udindo wina woposa pamenepa. M'kalasi iliyonse mumapezeka mwana mmodzi kapena awiri amene chimangirizo chawo chimakoma kuwerenga. Mphunzitsi akangolemba "bwino" n'kubweza kope, zathera pomwepo. Koma akamuitana mwanayo, kumubwereka buku, kumuuza kuti alembenso china sabata ya mawa, ndiye kuti wachita zimene ena adawachitira a Ntara ku Nkhoma ndi a Craveirinha ku O Brado Africano.

Ndipo kholo likadzamupezanso mwana uja pakhonde ndi kope pamwendo, liyambe lafunsa ngati ntchito ya kusukulu yatha, ngati mbuzi zalowa m'khola. Zikakhala kuti zonse zili bwino, limusiye alembe. Madzulo litamuuza kuti awerenge mokweza zimene walembazo, agogo ake ali pomwepo, adzamuwongolera okha pamene wasokoneza mayina a makolo.